Mutu 5: Saladi m'Batani la Kumanja

1. Peace apirikitsidwa

Loweruka lililonse, ana akamaliza ntchito za pakhomo, ankakhamukira ku galaja ya Ba Zebron ku Silverest. M'galajamo munalibe galimoto. Munali makina a pinibolo.

Amene sanawaonepo aganize za bokosi lalitali ngati tebulo, la miyendo inayi, lokhala ndi galasi pamwamba. M'kati mumathamanga kampira kachitsulo. Kumunsi kuli timikono tiwiri tomenyera kampirako kuti kasagwere m'dzenje. Ukadina batani la kumanzere, kamkono ka kumanzere kamamenya. Ukadina la kumanja, ka kumanja kamamenya. Basi. Koma ana ankaiwala njala chifukwa cha zimenezi.

Ba Zebron, amene ana onse ankawatcha shikulu, kutanthauza agogo, anagwira ntchito zaka makumi atatu akukonza makina otere m'mahotela a ku Lusaka. Atapuma pantchito anabwera ndi amodzi, akale kuposa makolo a ana onsewo. Malamulo awo anali atatu: onetsa buku la homuweki, samba m'manja, dikira nthawi yako. Mwana wa m'mapuloti a nyumba zatsopano ndi mwana wa kumudzi ankaima pamzere umodzi.

Loweruka limeneli Belinda, mtsikana wa Giredi 9 wochokera kumudzi, anafika mochedwa chifukwa anayamba wakatunga madzi. Pageti anakumana ndi mnzake Peace akutuluka, maso ali psuu.

"Iwe Peace, nichani?"

"Kafunse ba shikulu bako," anatero Peace, nadutsa osacheuka.

M'galaja ana anali ataima duu. Ba Zebron anali atakweza chala chawo m'mwamba, chikunyezimira mafuta.

"Onani! Saladi! Batani langa lamila mu saladi. Nimakamba chani pa za manja? Nimakamba na mitengo?"

"Ni Peace, shikulu," anatero Cindy, mdzukulu wawo. "Amachokela pa mbaula ya vitumbuwa ya amake. Amanunkha saladi mpaka ku tsitsi."

Ana ena anaseka.

"Namuuza kale," anatero Ba Zebron. "Asakapondenso pano. Mwana osamvela nilibe naye nchito."

2. Madontho asanu

Belinda ankakhala ndi malume ake, a Yoramu, okonza njinga m'mbali mwa msewu wafumbi. Kuyambira ali wamng'ono ankamva mawu amodzimodzi: chikalira chipatse mafuta, chikalimba chipatse mafuta. Tcheni cha njinga, mahinjesi a chitseko, gudumu la ngolo, mjigo, zonsezi kumudzi zimachira ndi mafuta. Oyilo akasowa, a kukhitchini amalowa m'malo.

Masabata awiri m'mbuyomo batani la kumanja linayamba kulimba pang'ono. Belinda anabwera ndi mafuta ophikira, amene kuno timati saladi, m'kabotolo ka mankhwala a m'maso. Ba Zebron atalowa m'nyumba kukayankha foni, iye anadontheza madontho asanu m'mphepete mwa batanilo. Linafewa nthawi yomweyo. Tsikulo aliyense anasewera bwino, ndipo Belinda anapita kwawo akudzimva kuti ndi injiniya.

Koma unali mwezi wa Okutobala. Malole a mchenga opita kumapuloti ankautsa fumbi tsiku lonse. Fumbi linapeza mafuta, mafuta anagwira fumbi, ndipo ziwirizo zinapanga phala. Tsopano batani ukalidina linkalowa n'kukhala komweko.

Palibe amene anamuona Belinda akuthira mafutawo. Akanatha kutseka pakamwa, nkhani n'kuthera pa Peace. Anayang'ana kugeti kamodzi, kenako anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Shikulu, si Peace. Nine."

Ba Zebron anatembenukira kwa iye.

"Wati bwanji?"

"Nine ninathila saladi. Batani linali kulimba, ninafuna lifewe. Peace amasamba mu manja kuchila ise tonse. Amasamba kabili ndaba aziba kuti tizamuseka."

Cindy anayang'ana pansi. Ba Zebron anakhala pa sitovu yakale imene ankaigwiritsa ngati mpando, napukuta chala chawo pa ovololo.

"Mvela, mwana iwe, na imwe bonse mumvele," anayamba. "Malume bako si bopusa. Njinga ni chitsulo pa chitsulo, ifuna oyilo zoona. Koma ili batani ni pulasitiki pa pulasitiki. Banalipanga kuti liziyenda louma. Likalimba sikuti lili na ludzu, lili na dothi. Mwana akagwa mu matope, umamudzoza mafuta pamwamba pa matope? Umamusambika. Mankhwala ya ng'ombe sumapasa nkhuku ati pakuti vonse ni viweto. Kufuna kuthandiza si mulandu. Mulandu ni kuthandiza mobisa. Ukananifunsa, sembe nakuyankha na mau yabili chabe. Manje ona, munzako wayenda alila."

"Namvela, shikulu. Nizalikonza."

"Iwe?"

"Munionetse chabe. Manja yazakhala yanga. Nikakonza, Peace abwelele."

"Uniuza vochita pa nyumba panga?"

"Awe, shikulu. Nipempha."

Ba Zebron anamuyang'ana nthawi yaitali. Munthu wamkulu akalakwitsa pamaso pa ana, khosi limauma.

"Mabatani aya sayapezeka mu Zambia," anatero. "Ukalithyola, makina nizavinikila na tenti, ndipo Peace wako sazapeza chobwelelela. Koma likagwila nchito monga kale, nizayenda neka kukamutenga. Na mendo yanga aya."

3. Pulagi poyamba

Magetsi anali atangothima kumene. Belinda anapinda manja a bulauzi, nagwada pa kachitseko ka kutsogolo kwa makina.

"Ima! Wayamba na chani?"

"Malaiti kulibe, shikulu."

"Kulibe? Bakuuza kuti yazabwela nthawi yanji? Malaiti yakayenda sayalaila, yakabwela sayakamba odi. Ninali na munzanga pa nchito, Dingani, katswiri kuchila ine. Tsiku lina anati malaiti kulibe, analowetsa dzanja mu makina monga aya. Yanabwela ali mukati. Mpaka lelo vala vake vibili siviongoka, batani la shati bamumangila ba mukazi bake. Ndiye mvela: chotsa pulagi ku chipupa, uiike pamene maso yako yaiona. Osati kuzima switchi chabe. Osati kutuma munthu. Iwe wamene uzalowetsa dzanja ndiwe uchotsa."

Belinda anazula pulagi, naigoneka pampando pakati pa galaja.

Ba Zebron anatsegula kachitseko ndi kiyi, nakoka kachitsulo kena m'kati. Chitsulo chogwira galasi chinamasuka. Awiriwo anasolola galasi pang'onopang'ono n'kuliimika pakhoma, kutali ndi miyendo ya ana. Kenako anatukula thabwa losewererapo n'kulichirikiza ndi ndodo yake.

Ana anati, "Iyee!" M'kati munali mawaya ambirimbiri ngati mizu ya udzu.

"Vonse ivo si vako," anatero Ba Zebron. "Chako ni ichi."

Analoza m'mbali mwa bokosi. Mchira wa batani unatulukira m'kati, utamangidwa ndi nati. Kuseri kwake kunali timalilime tiwiri tachitsulo. Batani likalowa limakankha lilime limodzi kuti likhudze linzake, magetsi n'kudutsa, kamkono n'kumenya.

"Usanamasule chilichonse, jambula."

"Nili na foni, shikulu," anatero Cindy.

"Foni yako ikhale tochi. Belinda ajambule na pensulo. Chimene dzanja lajambula, mutu suibala."

Belinda anatsegula kumapeto kwa buku lake la homuweki, najambula nati, batani ndi timalilime, chilichonse pamalo pake. Cindy anamuunikira, milomo ili chitulire.

4. Pansi pa chitenje

Nati inali itaterera ndi mafuta. Belinda anaipukuta, naigwira ndi pulayala, naipotokola pang'ono, kenako anamaliza ndi zala. Batani lonse linatuluka panja pamodzi ndi kanyumba kake. Linali lakuda bii, lomata ngati ulimbo.

"Ni chamene unapanga," anatero Ba Zebron. "Nunkhiza."

Linkanunkha mafuta ovunda.

Kumchira kwa batani kunali kakilipi kachitsulo, kakang'ono kuposa chikhadabo. N'komwe kamagwira batani kuti lisatuluke m'kanyumba kake.

"Aka kakadumpha, kayenda," anachenjeza mkuluyo. "Kulibe kanzake."

Belinda anaika pulayala pansi. "Cindy, nibweleke lichelo."

"Lichelo? Kuno si kumunzi, iwe."

"Lili kuseli kwa chitseko cha kicheni," anatero Ba Zebron. "Ambuya bako bapepetelamo mpunga wamene umadya. Thamanga."

Lichero litabwera, Belinda anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa siketi, naphimba licherolo, nalowetsa manja onse awiri pansi pake pamodzi ndi batani ndi kasikuludiraiva.

"Uchita vamasenga?" anafunsa Cindy.

"Malume bakamasula habu ya njinga, tumipila tuja tumagwa mu mchenga. So timamasulila mu lichelo. Kanthu kodumpha, timavinikila."

Anagwira ntchito ndi zala zokha, maso ali kudenga. Panamveka kuti thi! Chitenje chinagwedezeka pang'ono. Atachivundukula, kakilipi kanali gone pakati pa lichero, sipulingi ili pambali pake.

Ba Zebron anavula magalasi awo. "Zaka makumi yatatu nakhala nikwawa pansi pa matebulo kusakila tumakilipi utu. Malume bako uzibapasa moni."

Anatuma Cindy kukatenga madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale. Belinda anatsuka batani, kanyumba kake ndi sipulingi. Madzi oyamba anada. Achiwiri anachita mbuu. Achitatu anakhala oyera. Apo ndi pamene ana anaona kuti batanilo linali lofiira kwambiri ngati tomato. Onse ankaliyesa lofiirira ngati njerwa.

Anapukuta sipulingi ndi nsalu youma mpaka dontho lomaliza kuti isachite dzimbiri. Anapukutanso bowo la m'thabwa m'mene batani limakhala. Atanyamula lichero kuti akaliike padzuwa, Ba Zebron anamuletsa.

"Pa mthunzi. Pulasitiki wakale ali monga ine, dzuba la Okutobala limupinda."

"Manje tizayembekeza mpaka liti?" anadandaula ana.

"Mpaka liume. Wamene ali na changu, msewu uyo."

Palibe anachoka.

5. Wafunsa, wapulumuka

Podikira, Belinda anasuzumiranso m'bokosi. Mafuta aja anali atatsikira pa timalilime tiwiri tija. Pansonga pa lilime lililonse panali kamutu kozungulira, ndipo timitu tonse tiwiri tinali takuda.

Anatenga kasikuludiraiva. Kenako anaima.

"Shikulu, apa nifunse. Kwathu waya wa batile ukada timapala na mpeni. Nanga apa?"

"Wafunsa, wapulumuka. Tumitu utu tuli na khungu lake loonda lamene lipitisa malaiti. Ukapala na mpeni uzachotsa khungu pamodzi na dothi. Lelo tuzawala, mwezi wa mawa tuzafa. Nikuuze, makina yambili yamene nakonza pa umoyo wanga siyanaonongeke na ukalamba. Yanaonongeka na bantu ba mtima wabwino na manja ya changu. Dula kapepala kolimba koyela. Donthezapo sipiliti. Kalowetse pakati, upanikize tumalilime pang'ono na vala, ukoke. Osati mwamphamvu. Ubweleze mpaka pepala lituluke loyela."

Belinda anadula kachidutswa pa chikuto cha buku lake. Anakoka koyamba, pepala linatuluka ndi mzere wakuda. Anadula lina. Anakokanso.

Ali pa pepala lachinayi, zala zili pa timalilime, wailesi ya m'nyumba inaphulika ndi nyimbo. Babu la m'galaja linayaka. Magetsi anali atabwera.

Ana onse anatembenukira kumpando. Pulagi inali gone pomwe Belinda anaisiya.

Ba Zebron anangokweza zikope. Belinda anapitiriza. Pepala lachisanu ndi chimodzi linatuluka loyera.

Zonse zitauma, anatsegula chojambula chake n'kubwezeretsa: sipulingi, batani m'kanyumba, kakilipi pansi pa chitenje. Analowetsa batani m'bowo n'kumanga nati ndi zala.

"Pulayala pang'ono chabe," anatero Ba Zebron. "Ikagwila, leka. Ukapitiliza lizang'aluka."

Belinda anadina batani. Linalowa n'kubwerera lokha, kuti tapu. Anadinanso. Tapu, tapu. Ana anaomba m'manja.

Anatsitsa thabwa, Belinda analowetsa pulagi. Timagetsi ta makina tinayaka, mabelu analira. Koma masewera atangoyamba, kamkono ka kumanja kanadzuka kokha, popanda wodina, n'kuima chilili kakulira ngati njuchi.

"Waononga!" anakuwa Cindy.

Belinda anapita kukhoma n'kuzula pulagi. Anaigonekanso pampando.

"Shikulu, tukulani thabwa."

Ba Zebron anatukula, napinda manja pachifuwa. 

Belinda anatenga foni m'manja mwa Cindy. Anaunikira timalilime ta kumanja, kenako anaunikira ta kumanzere, timene palibe anatigwira. Anabwereranso kumanja.

"Naona. Uku kumanzele pali mpata, monga kamtengo ka machisa. Kwanga kulibe. Ninapanikiza maningi pokoka pepala, so tukhudzana nthawi yonse."

"Ndiye?"

"Nibweze lilime la kumbuyo pang'ono."

"Ugwile kutsinde, osati kunsonga."

Anagwira kutsinde ndi pulayala, nakankha pang'ono ngati akuwongola singano. Anapempha machesi, nayesa mpata wa kumanzere, nayesa wa kumanja. Anakankhanso pang'ono. Kamtengo kanalowa mofanana mbali zonse ziwiri.

6. Nthawi ya Peace

Anatsitsa thabwa, anabwezera galasi, anatseka kachitseko. Belinda analowetsa pulagi. Kamkono kanakhala phee pamalo pake.

Ba Zebron anaima kutsogolo kwa makina, naponya kampira. Kanazungulira, kanagunda mabelu, kanatsetsereka kumanja. Mkuluyo anadina batani lofiira. Pha! Kampira kanauluka mpaka kumtunda. Anakadikira, nadinanso. Pha! Anasewera mpaka kampira kanagwa, kenako anasisita batanilo ndi chala n'kuchiyang'ana. Chinali chouma.

"Linali so pamene ninaliona koyamba," anatero.

Ana anakuwa, nayamba kukankhana pamzere.

"Belinda ayambe," analamula Ba Zebron. "Wagwila nchito."

"Awe, shikulu. Nthawi inali ya Peace pamene munamupilikitsa. Palibe azasewela Peace asanasewele."

"Ah, iwe!" anadandaula ana.

Cindy anakhala woyamba kuchoka pamzere. Anakakhala pansi pafupi ndi lichero. "Naine niyembekeza," anatero motsitsa mawu. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, akung'ung'udza.

Ba Zebron anausa moyo. Anavula ovololo, anasamba m'manja m'madzi otsala, natenga chipewa chawo pamsomali.

"Ninalonjeza. Tiye, unipeleke. Amake Peace bagulitsila pati?"

"Pa stesheni ya ma minibasi, shikulu."

Sanafike n'komwe pakati pa bwalo. Geti linalira kuti gu! gu! gu! Pamwamba pake panaoneka duku lobiriwira, ndipo kuseri kunkamveka mawu a amayi angapo.

"Ba Zebron! Tulukani! Nasiya mafuta pa moto kuti nimve na matu yanga. Ndani wati mwana wanga ni wauve? Ndani wati anunkha? Vitumbuwa vanga mumadya masiku yonse na tiyi, lelo vayamba kununkha?"

Ba Zebron anaima. Anavula chipewa chimene anali atangovala kumene.

"Ni amake Peace," ananong'ona Cindy kumbuyo. "Babwela na banzao ba pa msika."

"Makina nimakonza," anatero mkuluyo chapansipansi. "Ivi sininaphunzile."

"Nizayamba ndine," anatero Belinda.

Anamanganso chitenje chake m'chiuno, napita kukakoka loko. Geti litatseguka, amake Peace anali ataima poyamba penipeni, chipande chokazingira chili m'manja. Amayi anayi anali kumbuyo kwawo. Peace anali pambali, akuyang'ana fumbi.

"Iwe Belinda, choka apo. Iyi si nkhani ya bana."

Belinda anapinda maondo mwaulemu, koma sanasunthe pageti.

"Pepani, ba mayo. Ni nkhani yanga. Saladi ija ninathila ndine."

Chipande chinatsika pang'onopang'ono. Peace anadzutsa mutu, namuyang'ana mnzakeyo m'maso.

"Iwe?" anatero Peace. "Ndipo pamene unanifunsa pa geti kuti nichani, unali uziba?"